Fani ya Malemu Alufandika

Amene munakhalako ku Chikwawa mwezi wa Okutobala mukudziwa mmene dzuwa la kumeneko limachitira. Limayamba kuwotcha munthu asanasukusule, ndipo likalowa, nthaka imabweza moto wonse umene inameza masana. Nkhani iyi inachitika mwezi umenewo, pa Dyeratu, ndipo amene anaiona ndi maso saikamba mokweza mawu. Senderani pafupi.

Panali bambo ena dzina lawo a Jailosi Fombe, okonza zamagetsi m'galimoto. Ankagwirira ntchito kutsogolo kwa nyumba yawo, pansi pa mtengo wa nimu, m'mbali mwa msewu waukulu. Ntchitoyo anaiyamba ali anyamata, ndipo inawameretsa imvi. Maso anali atayamba kuchita chidima, moti waya wofiira ndi wabulauni ankachita kupita nawo padzuwa kuti awasiyanitse. Msana nawo unkadandaula akawerama pa injini. Madzulo alionse ankauza akazi awo, mayi Elube, kuti chaka chino n'chomaliza, ndipo m'mawa ulionse ankatulutsanso bokosi la zipangizo.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, panafika kapikapu koyera kakalekale, nthunzi ikutuluka pansi pa boneti ngati ketulo. Woyendetsa anali mayi wamtali, wowonda, mpango wakuda kumutu. Anazimitsa injini, natsika, n'kuima kaye atagwira chitseko.

"Ndi pano pa a Fombe?"

"Ndine, mayi. Musatsegule pa rediyeta, mungapse."

"Ndinapsa kale," anatero mayiwo, akuonetsa chipsera padzanja. "Ndine mayi Alufandika, ndimakhala cha ku Thabwa."

Anafotokoza kuti amakapikula tomato ndi kabichi ku Bvumbwe n'kumagulitsa m'misika ya kuchigwa. Fani yoziziritsa injini inafa chaka chatha. Kuchokera pamenepo ankayenda ndi zigubu za madzi kumbuyo, kumaima pa chikweza cha Thabwa kangapo, kudikira kuti injini ipume. Tomato ankafika atapsa kale m'madengu.

A Fombe anatsegula boneti. Fani inali itapserera, mawaya ake atasungunuka n'kumatirirana, ena atamangidwa ndi mapepala a shuga. Anapukusa mutu.

"Ndiika fani ina, ndili nayo yabwino. Apa pa rediyeta ndiikapo swichi yomva kutentha kwa madzi. Madzi akatentha kwambiri, iziyatsa fani. Akazizira, izizimitsa. Inu musamagwire kanthu, iziyaka yokha."

"Yokha?"

"Yokha, mayi."

Mayiwo anabwereza liwulo chapansipansi, ngati akulilawa. Kenako anafunsa: "Ingagone kuno galimotoyi? Musafulumire nayo. Ngakhale masiku angapo."

A Fombe anadabwa. Pa moyo wawo wonse anali asanaonepo mwini galimoto wouza wokonza kuti asafulumire. Koma anavomera. Mayi Alufandika anasiya kiyi, naimitsa kabaza, ndipo pochoka sanacheuke n'komwe.

Pafupi ndi a Fombe panali Gosho, bambo wonenepa womata matayala. Kabaza atangokhota, Gosho anabwera akupukuta manja m'malaya.

"Madala, galimoto iyi mukuidziwa?"

"Ndikudziwa kuti ilibe fani."

"Ndi ya malemu a Kefasi Alufandika. Madalaivala onse amene mayiwa anawalemba anathawa. N'chifukwa chake anaphunzira kuyendetsa okha."

"Ankathawa chiyani?"

"Amati mumatentha."

A Fombe anaseka kuseka kopanda mphamvu. "Iwe Gosho, kuno ku Chikwawa n'kuti kumene sikutentha?"

Anayamba ntchito. Anachotsa fani yopserera, namangirira ina kumbuyo kwa rediyeta. Anakoka waya wonenepa kuchokera ku batire, naudutsitsa pa fyuzi, kenako pa kabokosi kakuda kamene amakatcha rile, kamene kamatsegulira fani moto wambiri swichi ikangokauza. Waya wina anaumangirira pa chitsulo cha galimoto, atayamba apala dzimbiri mpaka chitsulo kuwala. Anaulumikiza mwa njira yakuti ngakhale munthu atazimitsa injini, fani ipitirize kupemerera mpaka madzi atazizira. Inali ntchito imene manja awo ankaidziwa okha, mutu uli kwina.

Koma tsiku limenelo zinthu zinkangosowa. Sanza imene anainyowetsa n'kuiika paphewa sanaionenso. Kapu yawo yachitsulo, imene inkakhala pa chitsa, inasowa. Chidebe cha madzi chimene mayi Elube anadzaza masana chinapezeka chili patheka, pansi pali pouma, popanda dontho lotayika. Chikatoni chimene ankagonera akalowa kunsi kwa galimoto nacho anachifunafuna mpaka kutukwana mbuzi za aneba.

Anazipeza zonse pamene anatsegula chitseko kuti alize injini. Zinali pampando wa kumanzere, wa wokwera. Kapu inali chiimire, yopanda kanthu. Chikatoni chinali chitatsamira bwinobwino. Sanza ija inali itapindidwa katatu, monga mmene amapindira nsalu yoika pachipumi cha wodwala, ndipo inali youma gwa.

"Ukalamba uwu," anadziuza okha. Anatola zinthu zawo, naliza injini. Kamuvi ka kutentha kanakwera pang'onopang'ono, ndipo katapitirira pakati, rile inalira kuti tcha, fani n'kuyamba kuzungulira. Patapita kanthawi inazima yokha. Ntchito inali yabwino. Anathimitsa injini, natseka boneti.

Dzuwa litapendeka n'kufiira, akulongedza zipangizo, anaona munthu atakhala pa kalavati kutsidya kwa msewu. Sanamuone pamene anafikira. Anali atamasula mabatani onse a malaya, mutu atauweramitsa, manja ali lende pakati pa mawondo. Dzuwa linali kumbuyo kwake, choncho nkhope sinkaoneka.

"Achimwene," munthuyo anaitana ndi mawu osasa. "Timadzi."

Kuno munthu samanidwa madzi. A Fombe anatunga kapu, nawoloka msewu, nam'patsa. Munthuyo anamwa osapumira. Pobweza kapu, a Fombe anatsala pang'ono kuiponya pansi. Inali yotentha ngati yachoka pamoto.

"Mukudwala, bambo? Kwanu n'kuti?"

"Tifika nthawi yanji?" anafunsa munthuyo, mutu uli pansi.

"Kufika kuti?"

Lole ya nzimbe inadutsa ndi fumbi lake, a Fombe n'kutseka maso ndi mkono. Atatsegula, pa kalavati panalibe munthu. Anayang'ana kumtunda ndi kumunsi kwa msewu. Kunali amayi awiri osenza nkhuni basi. Anabwerera kunyumba, ndipo sanauze aliyense.

Kachisisira katagwa, atadya, anakhala ndi mayi Elube pamkeka panja, poti m'nyumba munali ngati mu uvuni. Nkhuku zinali zitalowa. Galu wawo, amene ankakonda kugona kunsi kwa galimoto iliyonse yobwera pamalopo, tsiku limenelo anakagona kuseri kwa bafa.

Ndiye kunamveka kuti tcha. Fani inayamba kuzungulira.

"Mwasiya injini ikulira, bambo a Rute?" anafunsa mayi Elube.

"Kiyi ali m'thumba mwangamu."

Anadzuka mwaulesi, nakatsegula boneti. Anagwira injini. Inali itazizira kalekale. Anagwira rediyeta, nayonso chimodzimodzi. Koma fani inkapemerera ndi mphamvu zake zonse, ndipo pansi pa phokoso lakelo a Fombe anamva kanthu kena, kochokera m'kati mwa galimoto, ngati munthu wotopa amene wakhala pamthunzi n'kutulutsa mpweya wautali.

Anaima pamenepo kanthawi. Kenako anatenga sipanala, namasula waya wa pa batire. Fani inazungulira pang'ono, n'kuima.

"Swichi yake ndi yakufa," anatero pobwerera pamkeka. "Zinthu za masiku ano."

Mayi Elube anapinda mkeka, nalowa m'nyumba, ndipo anakhoma chitseko ngakhale kunali kotentha chotero.

M'mawa kusanatenthe, a Fombe anamasula swichi ija kuti aiyese. Anailumikiza ku batire ndi mawaya awiri aatali, pakati n'kuikapo babu laling'ono. Anateleka madzi pa mbaula, naviika swichi m'menemo. Madzi atayandikira kuwira, babu linayaka. Anaiviika m'madzi ozizira, babu n'kuzima. Anabwerezanso, zinachitika chimodzimodzi.

"Ilibe vuto," anatero Gosho, amene anali ataima pambali ndi chitumbuwa m'manja.

"Ndaona."

A Fombe anafuna thepi, ndipo posowa poika swichi kuti isagwe m'fumbi, anatsegula chitseko cha kumanzere n'kuiika pampando. Asanatembenuke, babu linayaka.

Gosho analeka kutafuna.

A Fombe anainyamula swichiyo ndi pulayazi. Patapita kanthawi babu linazima. Anazungulira, naiika pampando wa dalaivala. Palibe chinachitika. Anadikira. Palibe. Anabwerera kumanzere, naiikanso pampando uja, ndipo babu linayaka nthawi yomweyo, kuwala kuposa poyamba.

Galimotoyo inali itagona pansi pa mtengo, ndipo dzuwa linali lisanaikhudze. A Fombe anatambasula dzanja kuti agwire mpandowo, koma analibweza lisanafike. Kutentha kunkamveka patali, ngati pa mbaula. Anaonanso kuti mpandowo unali wolowa m'kati, pokhalira ndi potsamira pomwe, monga umachitira mpando umene pakhala munthu.

"Madala," anatero Gosho motsitsa mawu, "ine ndakumbukira kuti kwathu kuli chinkhoswe." Anakatseka malo ake, m'mawa umenewo, makasitomala akubwera.

A Fombe anakhala pa chitsa, manja ali m'masaya. Sanali munthu wamantha, koma anali wotopa, ndipo munthu wotopa amafuna njira yachidule.

"Izi si zanga," anauza akazi awo. "Ine ndimakonza mawaya. Fani iyi ndiilumikiza ku kiyi. Popanda kiyi siizungulira, kaya afune ndani. Eni ake akabwera atenge galimoto yawo."

"Bwanji mungowaitana abwere lero?"

"Ndimalize kaye ntchito."

Anabwezera swichi pa rediyeta, ndi waya uja pa batire. Anadula waya wopita ku rile, naulumikiza kumene moto umabwera pokhapokha kiyi akatembenuzidwa. Anakulunga thepi, natseka boneti, nakhoma zitseko zonse ziwiri, kiyi n'kuponya m'bokosi la zipangizo.

Dzuwa lisanafike pamutu, anayamba kumva kutentha kumsana. Ankati ndi nyengo. Anamwa madzi, nadzithira ena kumutu. Pofika masana maso anali psuu, milomo itang'ambika, ndipo thupi linali louma, lopanda thukuta ngakhale dontho. Mayi Elube anapita nawo kuchipatala chaching'ono chapafupi. Anawayeza malungo, sanawapeze. Anawapatsa mankhwala otsitsa kutentha, nawauza kuti akapanda kusintha abwerenso. Mankhwalawo anangolowa ngati mwala m'chitsime.

Madzulo anawagoneka pakhonde. Mayi Elube anatenga chikatoni chija n'kumawakupiza. Akakupiza, a Fombe ankapumako bwino. Akangoti apumitse mkono, ankayamba kubuula ndi kudzikanda pachifuwa. Ndipo nthawi iliyonse imene mayiwo aleka, kuchokera pansi pa boneti ya galimoto yokhomedwa ija kunkamveka kuti tcha, tcha, tcha, ngati munthu akudina chinthu chimene chikukana kuyaka.

Anasintha mkono. Anasinthanso. Mapewa anayamba kuyaka moto. Mdima utagwa, a Fombe anatsegula maso, koma sankayang'ana akazi awo. Ankayang'ana kutsogolo, ngati munthu amene akuona msewu.

"Dorofe," anatero, ndi mawu osasa amene mayi Elube anali asanawamvepo. "Usasiye, Dorofe. Tifika nthawi yanji?"

Mayi Elube anaponya chikatoni, nathamangira kwa Gosho, amene sanali ku chinkhoswe chilichonse koma m'nyumba mwake atatseka mawindo.

"Dorofe ndani?"

"Ndi dzina la mayi Alufandika."

"Tambala akangolira mukawatenge. Mukapanda kupita, ndidzakuuzani mawu pamaliro."

Usiku umenewo mayi Elube sanagone. Kutacha, mikono yawo sinkathanso kukwera kufika paphewa.

Gosho anabwera nawo mayi Alufandika pa njinga yamoto dzuwa litangotuluka. Mayiwo ataona a Fombe pamkeka, ndi chikatoni m'manja mwa mayi Elube, sanafunse funso. Anagwada, nalandira chikatonicho, n'kuyamba kukupiza. Ankakupiza mwaluso, kuchokera pachipumi kutsikira pachifuwa, dzanja likuyenda lokha ngati la munthu wopeta. A Fombe anatsitsimukako, maso awo n'kubwerera.

"Mayi," anatero mayi Elube mwaukali, "mwatibweretsera chiyani pakhomo pano?"

Mayi Alufandika anayankha osaleka kukupiza.

"Amuna anga anadwala mwezi ngati uno, chaka chatha. Thupi linatentha moti sungaligwire. Kuchipatala cha kuno anati tithamangire ku Blantyre. Ambulansi inali itapita kwina, ndiye mlamu wanga anati tiyeni pa yathu yomweyi. Tinawakhazika pampando uwo, ine n'kukhala pakati. Tili pakati pa chikweza, fani inapsa. Injini inawira. Tinaima pa kona, popanda mtengo, popanda nyumba, dzuwa lili pamutu. Madzi amene tinali nawo tinagawa, ena a injini, ena a iwo. Mlamu anatsika wapansi kukafuna ena. Ine ndinang'amba katoni ya tomato n'kumawakupiza. Ankangofunsa kuti tifika nthawi yanji. Ine ndinkati posachedwa, bambo, injini izizire kaye." Anasintha dzanja. "Injini inazizira. Iwo anali atapita."

Gosho anavula chipewa.

"Titaika maliro, madzulo ake mwana wanga wamng'ono anatentha thupi. Mawa lake wina. Kuchipatala sankapeza kanthu. Tsiku lina ndinatsegula galimoto kuti nditenge nsalu, ndipo ndinamva mmene mpandowo unalili. Sindikudziwa chimene chinandiuza. Ndinatenga katoni, ndinaima pachitseko, n'kuyamba kukupiza mpando wopanda munthu. Ana anachira usiku womwewo. Kuyambira tsiku limenelo, dzuwa likamalowa, ndimaima pachitseko icho mpaka mpando utazizira. Tsiku lililonse. Kaya ndachokera ku Bvumbwe, kaya ndikudwala, kaya mvula ikugwa. Kugulitsa galimotoyi sindingathe, ndiyo imadyetsa ana. Ndipo wogulayo ndingamugulitse chiyani?"

Anayang'ana mayi Elube m'maso.

"Ndinabwera chifukwa cha injini, zoona. Koma pamene bambowa anavomera kuti igone kuno, ndinaganiza kuti mwina kutali ndi nyumba sizichitika. Ndinangofuna kugona, mayi. Ndatopa. Ndikhululukireni."

Mayi Elube anali atakonza mawu ambiri usiku wonse, koma anayang'ana mikono ya mayiwo, yowonda, mitsempha ili panja, ndipo mawu aja anawathawa.

A Fombe anayesa kudzuka. "Dzana madzulo inayaka yokha," anatero movutika. "Fani. Ine ndinaizimitsa. Dzulo ndinaimanga ku kiyi." Anapuma. "Gosho, bokosi langa."

"Bambo a Rute, simungathe kuima."

"Mundigwire."

Anawagwira uku ndi uku, Gosho ndi mayi Elube, mpaka pa galimoto. Mayi Alufandika anatsegula boneti. Pulayazi inagwa kawiri m'manja mwa a Fombe, ndipo maso sankaona bwino.

"Mayi Alufandika, waya uwo wochokera pa kabokosi kakuda, ndi wamtundu wanji?"

"Wofiira."

"Ugwireni. Gosho, chotsa fyuzi iyo poyamba, tingapse tonse."

Anamasula thepi imene anakulunga dzulo lake, nachotsa waya uja ku kiyi. Anasenda nsonga yake ndi mpeni, pang'onopang'ono, kuopa kudula timawaya ta m'kati. Anaubwezera ku waya wonenepa wochokera ku batire. Ngakhale mutu unkazungulira, sanalole kungopotokola n'kusiya. Anauza Gosho kuti afinye cholumikizira ndi pulayazi mpaka atamva kuti chagwira, anakoka kuti aone ngati chingasolotoke, kenako anakulunga thepi mosanjikiza bwino, namangirira wayawo kutali ndi zitsulo zotentha ndi mapiko a fani. Nthawi yonseyi kumbali kwawo, kudzera pa galasi la kutsogolo, ankamva kuti pali amene akuwayang'ana, akudikira moleza mtima ngati wodwala pamzere. Sanatembenuke kuti aone.

"Bwezera fyuzi."

Gosho anaibwezera ndi nsonga za zala, thupi lonse atalibweza kumbuyo.

Tcha. Fani inazungulira.

Injini inali yozizira, kiyi ali m'bokosi. Mphepo inatuluka pansi pa boneti n'kuwomba masamba ouma a nimu. Kenako mayi Elube anakuwa pang'ono, chifukwa malaya a amuna awo anali atanyowa mwadzidzidzi. Thukuta linkatsika kumaso, m'khosi, m'mikono, ngati munthu amene wathiridwa chidebe. A Fombe anakhala pansi m'fumbi momwemo, natsamira tayala.

"Ndipatseni madzi," anatero, ndipo anali mawu awo enieni.

Fani inapemerera nthawi yaitali m'mawa umenewo, kenako inazima yokha.

Asanachoke mayi Alufandika, a Fombe anawachenjeza kuti ikamayaka chotero injini ili chizimire, batire lizitha. Anawapatsa batire lina lakale loti azisinthira, nawauza kuti aziimika galimoto pamtsetse kuti m'mawa izilira mokankha. Mayiwo anamvetsera zonse, nagwedeza mutu, nanyamuka.

Miyezi inapita. Mvula inabwera, Shire anadzaza, nabwerera m'malo mwake. A Fombe sanasiye ntchito monga ankanenera, koma munthu aliyense wopempha madzi madzulo ankamutumizira kwa akazi awo. Kapikapu koyera kankadutsa pa Dyeratu masiku a msika, kopanda nthunzi, ndipo mayi Alufandika ankaliza hutala. Anali atayamba kunenepako. Anthu a ku Thabwa ankati dzuwa likamalowa, galimoto ya mayi aja imayamba kulira yokha pabwalo, ndipo mayiwo amakhala pakhonde chapafupi, akusankha tomato, nthawi zina akuyankhula motsitsa ngati akuuza munthu mmene msika wayendera. Ana oyandikana nawo ankazungulira njira ina. M'mawa amayi anzawo ankawathandiza kukankha.

Mwezi wa Juni, tsiku lina la chiperoni, kumwamba kutachita mitambo yotuwa, kapikapu kaja kanakhota n'kuima pansi pa mtengo wa nimu. Mayi Alufandika anatsika atafunda juzi.

"Bambo, fani yafa."

"Injini ikuwira?"

"Ayi. Pa chikweza ikuyaka bwinobwino. Koma madzulo siikuyaka. Sabata yatha yonse, ndi ino. Ndimakhala pakhonde mpaka mdima, osamva kanthu. Muone, mwina waya wina wasolotoka."

"Ana ali bwanji?"

"Ali bwino onse."

A Fombe anatsegula boneti. Anayang'ana fyuzi, inali yamoyo. Anayesa rile, inalira. Anagwedeza cholumikizira chilichonse, natsata waya aliyense ndi chala kuchokera ku batire mpaka ku fani. Anamasula swichi, naiyesa m'madzi owira monga kale, babu linayaka. Kenako, poti ankadziwa chimene mayiwo ankadikira, anatsegula chitseko cha kumanzere n'kuiika pampando. Anadikira nthawi yaitali. Babu silinayake. Anagwira mpandowo ndi chikhatho chonse. Unali wozizira ngati mpando wina uliwonse m'mwezi wa Juni.

Anabwezera zonse m'malo mwake, napukuta manja pang'onopang'ono.

"Palibe chimene chawonongeka, mayi."

"Muonenso."

"Ndaona paliponse."

Mayi Alufandika anaima akuyang'ana m'kati mwa boneti. Mayi Elube anali atatuluka m'nyumba, ndipo anaima pambali pawo.

"Ilizeni injini," anatero mayi Alufandika. "Ndiimve."

A Fombe analiza injini. Chifukwa cha kuzizira, kamuvi kanachedwa kukwera. Anadikira atatuwo, mphepo ikuwomba nsalu zawo, mpaka kamuvi kanapitirira pakati. Rile inalira, fani n'kuzungulira, mwamphamvu, mosalala, monga iyenera kuchitira. Mayi Alufandika anapendeketsa mutu, natseka maso, namvetsera mpaka inazima.

"Si iwo amenewo," anatero.

Anakhala pansi pomwepo, pafupi ndi tayala, naphimba nkhope ndi mpango. Mayi Elube anagwada n'kuwagwira mapewa. A Fombe anazimitsa injini, natseka boneti mosamala kuti isachite phokoso, ndipo anapita kukauza Gosho kuti aleke kaye kumenya chitsulo, pakhomo pali maliro.